MUNTHU WA KUSERI KWA KAMERA

Inu a kwa Phalula ndi midzi yozungulira m'boma la Balaka, kumapeto kwa nkhani yathu kuli pempho limene ndidzalitule m'manja mwanu.

Tikapita kukaonera kanema, timabwerako tikusimba za anthu amene tawaona pa chinsalu. Timatchula amene watiseketsa, amene watikwiyitsa, ndiponso amene watimvetsa chisoni. Koma pali munthu wina amene sitimuona ndipo kawirikawiri ngakhale dzina lake sitilidziwa. Ameneyu ndiye wojambula, munthu woima kuseri kwa kamera. Palibe chimene chimafika pa chinsalu chopanda kudzera m'diso lake. Iye akaloza kamera kum'mawa, ife oonera sitingadziwe zimene zinkachitika kumadzulo. Lero tikamba za mmodzi wa anthu otere, Mngelezi wotchedwa Stephen Peet, amene adagwira ntchito kuno pakati pa Africa kwa zaka zisanu ndi ziwiri, m'bungwe limene mafilimu ake ankaonetsedwa kwa makolo athu m'masiku a Nyasaland.

Tisanafike pa iyeyo, tiyeni tione kumene luso lake lidachokera. Zithunzi zoyenda zidayamba kuoneka pa chinsalu m'chaka cha 1895. M'chaka chimenecho abale awiri a ku France, Auguste ndi Louis Lumière, adaonetsa anthu zithunzi zotere mumzinda wa Paris. Ku Mangalande nako, Birt Acres adajambula mpikisano wa mabwato pa mtsinje wa Thames ndi makina amene adapanga mothandizana ndi Robert Paul. Makina a masiku amenewo ankayenda ndi dzanja. Wojambula ankapukusa chogwirira kawiri pa sekondi iliyonse, kuti makinawo atole zithunzi ngati 16 pa sekondiyo. Dzanja likachita ulesi, anthu pa chinsalu ankaoneka ngati akuthawa moto; likafulumira, ankaoneka ngati akuyenda m'matope. Kulemera kwa makina ena kudalinso kosanena. Pamene William Dickson adapita ku South Africa m'chaka cha 1899 kukajambula nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu, kamera yake inkayenda pa ngolo.

Patapita zaka makumi atatu, padabuka munthu wa ku Scotland wotchedwa John Grierson. Iyeyu ankati kamera isamangojambula nthano zopeka m'nyumba zamasewero, koma ituluke panja ikaone anthu wamba ali pa ntchito zawo. M'chaka cha 1929 adatulutsa filimu yotchedwa Drifters, yoonetsa asodzi a nsomba ali pa nyanja. Achinyamata ambiri adatsata maganizo ake, ndipo m'gulu la anthu otere ndi m'mene Stephen Peet adaphunziramo ntchito.

Peet adabadwa m'chaka cha 1920 ku Penge, kummwera kwa mzinda wa London. Makolo ake adali a mpingo wa Quaker, umene anthu ake amadzitcha Abwenzi ndipo amakana nkhondo ya mtundu wina uliwonse. Bambo wake, Hubert Peet, adali mkonzi wa nyuzipepala ya mpingowo. Asanakwanitse zaka 20, Stephen adayamba ntchito yothandiza ojambula m'kagulu kotsogozedwa ndi Marion Grierson, mlongo wake wa John Grierson uja. Ntchito ya wothandiza ndi yonyamula miyendo ya kamera, kupukuta magalasi, ndi kulowetsa filimu m'makina mumdima mongopapasa ndi zala. Umo ndi m'mene ojambula ambiri a nthawi imeneyo ankayambira.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka m'chaka cha 1939, Peet adakana kugwira mfuti potsata chikhulupiriro chake. M'malo mwake adalowa gulu la Abwenzi lonyamula ndi kusamalira ovulala, lotchedwa Friends' Ambulance Unit. Adatumikira ku London ndi kumpoto kwa Africa, kenaka pa chilumba cha Kos ku Greece. Kumeneko asilikali a Germany adamugwira m'chaka cha 1943, nakhala mkaidi wawo. Nkhondo itatha adabwerera ku kamera, ndipo m'chaka cha 1948 njira yake idalunjika kuno kwathu.

Tsono pamene iye ankabwera, kanema sidali yachilendo kwenikweni m'dziko muno. Pakati pa 1935 ndi 1937 padali ntchito yoyesera yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene idayambitsidwa ndi bungwe la amishoni a maiko ambiri ndi ndalama zochokera ku Carnegie Corporation ya ku America. Oyendetsa ake adali Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham. Iwo adamanga msasa ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, napanga mafilimu 35. Nkhani zake zidali zonga kusunga ndalama ku positi ofesi, ubwino wokhoma msonkho, kufufuta zikopa ndi kupewa njoka zam'mimba. Mafilimuwo adalibe mawu. Mawu ankajambulidwa padera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja ndi Chitumbuka. Latham adakweza makina ake pa lole nayendera Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda akuonetsa zithunzizo. Mwa mafilimu onsewo, atatu okha ndiwo adapulumuka, ndipo akusungidwa ku London.

M'chaka cha 1939 boma la Britain lidakhazikitsa bungwe lake lopangira mafilimu anthu a m'maiko amene linkalamulira. Mtsogoleri wake, William Sellers, amene adagwirapo ntchito ya zaumoyo ku Nigeria, ankakhulupirira kuti munthu wakumudzi wa mu Africa sangatsatire filimu yofulumira. Motero adaika malamulo akuti kamera isamayendeyende, chithunzi chizikhalitsa pa chinsalu, ndipo pasakhale zambiri zoti maso aone nthawi imodzi. Maganizo amenewa adali onyoza nzeru za makolo athu, anthu amene ankatsatira nthano zazitali zodzaza ndi mikuluwiko popanda wowamasulira. Komabe ndiwo maganizo amene adafala pakati pa akuluakulu a boma la atsamunda.

Bungwe limene Peet adadzalowa linkatchedwa Central African Film Unit. Lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1948, likulu lake lili ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo linkatumikira maiko atatu: Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Mkulu wake adali Alan Izod. Peet adali wojambula ndiponso wotsogolera sewero nthawi imodzi. Mnzake pa ntchitoyi adali Louis Nell, ndipo mwa anthu akuda amene ankawathandiza, wodziwika kwambiri ndi David Hlazo, amene ankaimirira pakati pa Azunguwo ndi anthu a m'midzi.

Taganizirani, omvera, m'mene ntchitoyi inkayendera. Kagulu ka anthu owerengeka kankafika pamudzi ndi galimoto, nkupempha chilolezo kwa mfumu. Ochita sewero sadali akatswiri ayi. Adali alimi, amayi apamudzi ndi ana a sukulu, ambiri a iwo osaonapo kamera chibadwire. Magetsi kunalibe, kotero nyali yokhayo idali dzuwa. Mtambo ukaphimba dzuwa, onse ankakhala pansi kudikira. Makamera ang'onoang'ono a nthawi imeneyo, a filimu ya mamilimita 16, ankayenda ndi sipuling'i ngati wotchi, ndipo ankaima patangopita theka la mphindi kuti awapukusenso. Mkombero umodzi wa filimu, wa mafiti 100, unkatha pa mphindi zitatu kapena zinayi. Choposa zonse, wojambula sankatha kuona zimene wajambula tsiku lomwelo. Filimu inkatumizidwa kutali kukatsukidwa, ndipo ngati padali cholakwika, ankachidziwa atachoka kale pamudzipo. Ntchito yotere inkafuna munthu woleza mtima, pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwa mafilimu oyamba a bungweli padali The Two Farmers, yonena za alimi awiri, wina womvera mlangizi ndi wina wosamva; The Wives of Nendi, yonena za amayi amene adasintha mudzi wawo ndi ukhondo, imene adajambula mothandizidwa ndi Mayi Helen Mangwende, mkazi wa mfumu ya ku Southern Rhodesia; ndiponso Mulenga Goes to Town, yonena za mnyamata wakumudzi amene adaona zakuda atapita m'tauni. Mukamva mitu imeneyi mwaona kale kumene nkhani zinkalowera. Womvera boma ankakolola zambiri, nagula njinga ndi zovala. Wosamvera ankagwa m'mavuto. Mnyamata wopita m'tauni ankabwerako manja ali m'khosi, kuti anzake aphunzirepo kukhala kumudzi.

Mafilimu oyambawa nawonso adalibe mawu. Galimoto ya kanema ikafika pabwalo, ankakoloweka chinsalu, nkuliza injini ya magetsi, ndipo kukada munthu mmodzi ankaima ndi chimkuzamawu kufotokoza m'chilankhulo cha anthu a pamalopo zimene zikuchitika. Munthu ameneyu adali ndi mphamvu zambiri. Akakhala wanthabwala, filimu ya ukhondo inkasanduka chiseko; akakhala waulesi, anthu ankangoona zithunzi nkudzipangira okha tanthauzo. Achinyamata amene lero amaonera mafilimu achilendo omasuliridwa m'Chichewa m'tinyumba ta vidiyo pa misika yathu adziwe kuti luso limeneli lidayamba kalekale.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Kodi kamera ija inkaona chiyani, ndipo inkasiya chiyani? Zaka zimene mafilimu a alimi awiri ankazungulira m'midzi ndi zomwezo zimene dziko lino lidali pa moto chifukwa cha malamulo a malimidwe. M'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene adalamulira kuyambira 1948 mpaka 1956, mlimi ankakakamizidwa kuunda mizere yopingasa ndi kukumba migula, ndipo m'madera a thonje ankayenera kuzula ndi kutentha mitengo ya thonje tsiku loikika lisanapite. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, mwinanso kumangidwa kumene. M'chaka cha 1949 kudagwa njala yoopsa imene idapha anthu, makamaka m'chigawo cha kummwera. M'chaka cha 1953 maiko atatu aja adalumikizidwa m'Chitaganya anthu akuda akukana, ndipo Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pa mpando chifukwa cholimbikitsa anthu ake kusamvera malamulo a boma. Zonsezi zinkachitika anthu akuona, koma pa chinsalu pankaoneka mlimi womwetulira ndi mlangizi wake.

Sindikunena kuti zonse zimene mafilimuwo ankaphunzitsa zidali zoipa. Kukumba chimbudzi ndi kwabwino, ndipo mizere yopingasa imatetezadi nthaka. Lero timaunda tokha popanda mesenjala wotiyimirira kumbuyo. Vuto lidali lakuti mlimi wa pa chinsalu adalibe pakamwa. Nkhope idali yake, khasu lidali lake, munda udali wake, koma nkhani idalembedwa ndi wina ku Salisbury, ndipo mawu ankamulankhulira wina pabwalo. Palibe amene adamufunsa chifukwa chimene ankakanira mizere, kapena kuti msonkho unkamupweteka motani. Chitaganya chitakhazikika, bungwe lija lidalowa m'manja mwa boma la Chitaganyalo, niliyamba kupanga mafilimu a nkhani otamanda ulamuliro umenewo. Anthu ambiri kuno ndi ku Northern Rhodesia adataya nalo chikhulupiriro, ndipo lidatha pamodzi ndi Chitaganya kumapeto kwa chaka cha 1963.

Apo nkuti Peet atachoka kale. Atabwerera kwawo adagwira ntchito m'nyumba za wailesi yakanema, ngakhale kuti njira yake sidali yosalala. Mkulu wake, John Peet, amene adali mtolankhani wa Reuters, adathawira ku East Germany m'chaka cha 1950, ndipo chifukwa cha ichi akazitape a boma la Britain adatsekereza Stephen kupeza ntchito yokhazikika ku BBC kwa nthawi ndithu. Zimenezi zidaululika m'nyuzipepala ya The Observer m'chaka cha 1985.

Koma ku BBC komweko ndi kumene adachita ntchito imene amakumbukiridwa nayo. M'chaka cha 1969 adayambitsa pologalamu yotchedwa Yesterday's Witness, dzina limene tingalimasulire kuti Mboni ya Dzulo, ndipo idakhala ikuulutsidwa mpaka 1981. Njira yake idali yapafupi. Ankafunafuna nkhalamba zimene zidaona ndi maso zinthu zakale, anthu wamba amene mabuku a mbiri sawatchula, nkuwakhazika patsogolo pa kamera kuti asimbe okha ndi pakamwa pawo. Ankawonjezapo zithunzi zakale zokha pofuna kuthandiza oonera. Mwachitsanzo, adajambula anthu a m'mudzi wa Burston amene ali ana, m'chaka cha 1914, adanyanyala sukulu pokwiya ndi kuchotsedwa kwa aphunzitsi awo awiri, Tom ndi Kitty Higdon, kunyanyala kumene kudatha m'chaka cha 1939. Ena mwa amene adawajambula ankasimba zimene adaona m'zaka za m'ma 1890. Patangopita zaka zochepa ambiri a iwo adamwalira, koma nkhope zawo ndi mawu awo zilipo mpaka lero. Peet mwini wake adamwalira m'mwezi wa December chaka cha 2005.

Taonani tsono mbali ziwiri za moyo wa munthu mmodzi. Ali mnyamata, adaloza kamera kwa anthu akumudzi kuti achite zimene wina adawalembera. Atakula, adaloza kamera kwa anthu wamba nakhala chete kuti iwo alankhule. Mafilimu a mbali yoyamba ija lero amaonedwa ndi ofufuza mbiri okha, m'nyumba yosungira zakale ku Harare ndi ku London, ndipo chimene amafunamo si phunziro la mlangizi koma kamangidwe ka nyumba, kavalidwe ndi nkhope za anthu a masiku amenewo. Ntchito ya mbali yachiwiri ndiyo idatsegula njira imene opanga mapologalamu a mbiri akutsatabe.

Ife a Malaŵi tidapitiriza kanema woyendayenda titalandira ufulu m'chaka cha 1964. Ambiri a inu mukukumbukira galimoto zachikasu za Unduna wa Malimidwe ndi zidole zake zija. Wailesi yakanema yathuyathu idatsegulidwa m'chaka cha 1999, ndipo ku Balaka komweko kuli Luntha TV. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life m'chaka cha 2008 ndi The Last Fishing Boat m'chaka cha 2012, nkhani zathu zosimbidwa ndi mwana wa dziko lino. M'chaka cha 2019 dziko lonse lidaona mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, m'filimu imene adajambula ndi katswiri wina wa ku Mangalande, Dick Pope, ndipo ochita sewero ake ankalankhula Chichewa. Mlimi wa pa chinsalu uja tsopano ali ndi pakamwa.

Komabe pali ntchito imodzi imene yatsalira, ndipo ndiyo pempho langa kwa inu a kwa Phalula, ndi kwa omvera onse m'maboma ena. Dera lanu laona zambiri. Lidakhalapo pansi pa boma la Kasupe, limene pambuyo pake lidatchedwa Machinga, kufikira pamene Balaka idakhala boma palokha m'chaka cha 1998. M'midzi yanu muli agogo amene adalima thonje m'masiku a chindapusa, naligulitsa kwa atsamunda, kenaka ku Farmers Marketing Board, kenaka ku ADMARC kuyambira 1971. Muli amene adakwera sitima pa Utale kapena pa Balaka ulendo wa ku migodi ya ku Joni, Wenela isanaimitsidwe m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha anzawo oposa 70. Muli amayi amene akudziwa mizu ndi zipatso zimene anthu adadya m'njala ya 1949, ndiponso amene adalandira othawa nkhondo a ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980. Mwana amene adali ndi zaka 10 m'chaka cha njala ija, lero wapitirira zaka 85. Anthu otere akuchepa mwezi ndi mwezi, ndipo maliro aliwonse amapita ndi nkhani zimene palibe adazilemba.

Chimene Dickson ankanyamula pa ngolo, lero mdzukulu wanu ali nacho m'thumba la malaya. Foni yam'manja imajambula chithunzi ndi mawu pamodzi, silira filimu, ndipo mumaona zimene mwajambula nthawi yomweyo. Chotsala ndi mwambo wa ntchito, ndipo aphunzitsi a m'sukulu zathu angathe kutsogolera ana pa zimenezi. Yambani mwapempha chilolezo kwa agogowo, muwauze chimene mukufunira mawu awo, ndipo akakana musaumirize. Akhazikeni pamthunzi, kuwala kukhale kumaso kwawo osati kumbuyo. Sankhani malo opanda mphepo, kutali ndi chigayo ndi msewu, ndipo foni ikhale pafupi kuti mawu amveke. Musaigwire m'manja, itsamizeni pa mpando kapena pa njerwa kuti isagwedere. Poyamba atchule dzina lawo, mudzi wawo ndi mfumu yawo, inu mutchule tsiku ndi chaka. Funsani funso limodzi lalifupi, monga lakuti, “Agogo, njala ija idakupezani muli kuti?” Mukatero tsekani pakamwa. Akakhala chete musawadule, pakuti kawirikawiri mawu olemera amabwera pambuyo pa kachetechete. Pomaliza, musasunge pa foni imodzi yokha. Foni imagwa m'madzi, imabedwa, imagulitsidwa. Tumizirani abale, sungani pa kakhadi kapadera, ndipo ikakhala nkhani yokhudza mudzi wonse, kumbukirani kuti ku Zomba kuli nyumba ya boma yosungira zakale, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1947.

Akuluakulu adati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Nzoona, koma amagonera pokhapokha ngati wina wawasunga. Makolo athu adajambulidwa ndi alendo ali chete. Agogo amene tili nawo lero tiwajambule ndife eni ake, akulankhula.